Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, nanga malonda athu ndi Malawi amatsimphina pati?

Wonyamuka pa Chipata m'bandakucha kulunjika ku Lusaka amadziwiratu kuti tsikulo lathera pamsewu. Ndi mtunda woposa makilomita 550, ndipo ukangodutsa Nyimba msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa. Wopita ku Lilongwe ali ndi makilomita osafika 150. Angathe kukadya nkhomaliro kumeneko n'kubwerako nkhuku zisanalowe m'khola. Mzinda waukulu umene tayandikana nawo ife a Kum'mawa kwa Zambia ndi wa eni ake.

Munthu angaganize kuti nshawa, soya ndi nyemba zathu zimathamangira kumeneko. Zina zimapitadi, koma funsani wamalonda wa pa msika wa Kapata mu Chipata kuti chimamupepukira mumtima n'chiti, kutumiza matumba ku Lusaka kapena kuwaolotsa pa boda ya Mwami, mudzamva yankho lake. Ambiri amati vuto ndi msonkho wa kasitomu. Msonkho umenewo unachotsedwa kalekale pa katundu wambiri. Chimene chimafooketsa anthu n'chakuti wamalonda sadziwa kuti mawa boda idzadzuka bwanji: kaya katundu amene analoledwa dzulo aloledwanso, kaya pepala limene ali nalo likwanira, kaya ndalama imene alipidwe idzakhala ikadali ndi mphamvu pofika kunyumba.

Malirewa anadula pakati pa anthu amodzi. Azungu anamanga Fort Jameson kuno ndi Fort Manning uko, amene lero ndi Chipata ndi Mchinji, koma Angoni a Mpezeni ali mbali zonse ziwiri, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Malawi ndi Mozambique amabwera ku Mkaika ku Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kuyambira 1953 mpaka 1963 maiko awiriwa anali pansi pa Chitaganya chimodzi, ndipo onse analandira ufulu mu 1964. Ngakhale ndalama anazitcha dzina limodzi, kwacha, yathu mu 1968 ndipo yawo mu 1971. Choncho maboma akamakamba zolimbikitsa malonda, sakuyambitsa chinthu chatsopano. Akuyesa kulowetsa m'mabuku malonda amene agogo athu ankachita kale ndi dengu pamutu.

Zimene mapepala amanena

Bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Afirika la COMESA, lomwe likulu lake lili ku Lusaka, linakhazikitsidwa mu 1994, ndipo msonkhano wotsimikiza pangano lake unachitikira ku Lilongwe komweko. Pa 31 Okutobala 2000 maiko asanu ndi anayi anayamba kugulitsana katundu popanda msonkho wa kasitomu, ndipo Zambia ndi Malawi anali m'gulu loyambalo. SADC nayo inayamba dongosolo lofanana nalo mu 2008.

Pali mfundo imodzi imene anthu amaphonya, kenako n'kumakangana ndi ogwira ntchito pawindo. Chimene chimakhululukidwa msonkho ndi katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko a panganolo, ndipo pamafunika chikalata chotsimikizira kumene anachokera. Sopo wa Boom wopangidwa ku Lusaka, simenti ya ku Chilanga, Sobo ndi mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, zonsezi ndi zathu. Belo la salaula kapena mafoni ochokera ku China si zathu, ngakhale mutazigula ku Down Shops kuno kapena mumsika wa ku Lilongwe. Komanso kuchotsa msonkho wa kasitomu sikuchotsa misonkho ina. VAT, imene kuno ndi 16 peresenti, imakhalapobe pa katundu amene amailipira, ndipo zakumwa zina zili ndi msonkho wakewake. Wamalonda amene anangomva kuti "COMESA ndi yaulere" amadzidzimuka akapatsidwa lisiti.

Chikalata chotsimikizira kumene katundu anachokera chinapangidwa poganizira makampani. Mayi wa matumba asanu sangapite kukachifuna ku maofesi akutali. N'chifukwa chake mu 2010 Zambia ndi Malawi anayamba njira yachidule imene pa boda amangoitcha STR. Katundu wanu akakhala wosapitirira madola 2,000 a ku America, ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, mumadzaza fomu yaifupi pompo, osafuna ejenti. Malire a mtengowo poyamba anali madola 500, kenako anakwezedwa. Pamakhalanso desiki ya munthu wothandiza amalonda ang'onoang'ono kudzaza mafomu ndi kuwafotokozera malamulo. Maganizo ake ndi abwino zedi, ndipo ndikanakonda aliyense wooloka ndi katundu atayamba wafika pa desiki imeneyo asanamvere za m'maluwa.

Nanga bwanji njira za zalewa sizinafe?

Aliyense wa ku Mwami, Vubwi kapena Lusuntha amazidziwa njira zimenezi, tinjira tolambalala boda todutsa m'minda ndi m'madimba. Mukangotsika galimoto ndi katundu, anyamata a njinga ndi a njinga zamoto amakhala atakuzungulirani kale: "Amayi, tinyamule? Matumba angati?" Njinga imodzi imasenza matumba atatu, nthawi zina anayi, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Mtengo ndi wa pa thumba, ndipo mumamvana musanasunthe.

Azakhali anga anaoda usipa ndi mpunga ku Malawi zaka zambiri. Sanali munthu wokonda zachinyengo, ndipo m'tchalitchi ankakhala kutsogolo. Koma ankandiuza kuti mtengo wa pa zalewa ankaudziwa asanachoke pakhomo, pamene wa pakhomo lovomerezeka ankaudziwa atafika pawindo, ndalama zambiri atathera kale pooda. Anasiya zalewa tsiku limene anawalanda katundu yense m'tchire, mpamba wa miyezi itatu n'kupita madzulo amodzi, popanda kokadandaula.

Masamu ake ndi awa. STR imafupikitsa za kasitomu zokha. Mbewu, nsomba, nyama ndi zakudya zina zimafunanso zilolezo za unduna wa zaulimi kapena wa ziweto ndi nsomba, ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe tizilombo kapena matenda. Zilolezozi zili ndi chifukwa chomveka, pakuti palibe amene akufuna kuti matenda a nkhumba kapena anankafumbwe achilendo aoloke ndi katundu. Koma mtengo wa pepala ndi ulendo wokalitenga sizisintha kwenikweni kaya mwanyamula matani 30 kapena matumba asanu. Mwini thiraki sazimva n'komwe. Kwa mayi uja, phindu lonse lathera pomwepo. Ambiri mwa amalonda ang'onoang'ono a m'malire ndi azimayi, ndipo ndi amenenso amakumana ndi zoipa za m'tchire: kuberedwa, kuopsezedwa, kufunsidwa zosayenera. Sasankha zalewa chifukwa chokonda tchire.

Mu Disembala 2022 a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera anatsegulira limodzi boda yatsopano ya Mwami ndi Mchinji, yomangidwa ndi ngongole ya African Development Bank. Kale munkaima kawiri, kutuluka kuno n'kukaimanso polowa uko. Tsopano mumaima kamodzi, m'dziko limene mukulowalo, ndipo otolera msonkho a ZRA ya kuno ndi a MRA ya ku Malawi amagwira ntchito m'nyumba imodzi. Madalaivala a mathiraki apindula, zimenezo n'zosakanika. Kungoti nyumba siisintha lamulo. Kalata yoletsa ikachokera ku likulu, wa pawindo amangoitsatira, kaya nyumbayo ndi yokongola chotani.

Chimanga

Palibe katundu amene amaonetsa bwino vutoli kuposa chimanga. Chigawo cha Kum'mawa chili m'gulu la zigawo zolima chimanga chambiri mu Zambia, ndipo Malawi, dziko laling'ono la anthu ochuluka ndi minda yopanikizana, limaperewera kawirikawiri. Wogulitsa ndi wogula ali khomo ndi khomo. Komabe maboma onse awiri amatsegula ndi kutseka malonda a chimanga ngati mpopi.

Boma lili ndi chifukwa chake, ndipo si chopusa. Mtengo wa unga kuno ndi ndale. Mu 1986 ku Copperbelt kunabuka zipolowe unga utakwera, ndipo mu Juni 1990 zinabukanso ku Lusaka, ulamuliro wa a Kenneth Kaunda n'kutha chaka chotsatira. Mtsogoleri aliyense amakumbukira zimenezo. Mvula ikangovuta, choyamba n'kutseka malire. Mu Febuluwale 2024 a Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, ndipo mwezi wotsatira a Chakwera analengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28 a ku Malawi. Chaka chimenecho aliyense anakumbatira nkhokwe yake.

Koma taonani zimene chiletso chimachita kwa mlimi wa ku Chadiza. Chimanga chake sichingapite ku Lilongwe, kumene kuli pafupi ndipo mtengo uli pamwamba. Chatsala ndi njira ziwiri: kudikira a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, kapena kugulitsa kwa ogula oyendayenda amene amachotseratu mtengo wa thiraki yopita ku Lusaka. Mbali inayo mtengo ukukwerabe chifukwa chimanga chasowa. Kusiyana kwa mitengo kukakula, njinga zimayamba kuyenda usiku, asilikali a ZNS amatumizidwa kukalondera, mathiraki amagwidwa. Chimanga chimaolokabe ndithu, kungoti phindu limene likanafika kwa mlimi limagawidwa m'njira pakati pa onyamula ndi otseka maso, ndipo boma silidziwa n'komwe kuti chatuluka chochuluka bwanji.

Choipa kwambiri sichioneka ndi maso. Mwini chigayo ku Lilongwe sangasainirane pangano la zaka zitatu ndi gulu la alimi a ku Katete, chifukwa sadziwa ngati chilolezo chidzakhalapo chaka chachiwiri. Popanda pangano, banki siibwereketsa ndalama zomangira nyumba yosungiramo mbewu, ndipo mlimi salima ndi msika m'maganizo. Amalima n'kumayembekezera mwayi.

Zikatere, malonda amasanduka a boma ndi boma. Mu 2016 ADMARC, bungwe la boma la Malawi logula ndi kugulitsa mbewu, inakonza zogula matani 100,000 a chimanga kuno, ndipo nkhaniyo inathera m'mafukufuku. Nduna ya zaulimi ya ku Malawi inachotsedwa mu 2017, ngakhale khoti linadzaipeza yosalakwa pambuyo pake. Mu 2025 Zambia itakolola zochuluka, boma latsopano la a Peter Mutharika linagwirizana ndi lathu zogula matani 200,000. Mnzako akapsa ndevu mzimire, n'zoona, ndipo mgwirizano wotere umapulumutsa miyoyo. Koma umabwera njala itagogoda kale, ndipo umadutsa pamwamba pa wamalonda wa pa Chipata. Chimene chikanathandiza ndi lamulo lodziwikiratu, loti nkhokwe za dziko zikafika pamlingo wakuti malire ndi otseguka, zikatsika kufika pakuti atsekedwa, ndipo chenjezo liperekedwe nthawi ikadalipo. Wamalonda angathe kupirira lamulo louma, bola alidziwe asanaode.

Kwacha ziwiri

Dzina ndi limodzi koma mayendedwe ndi osiyana. Yathu inachotsedwa maziro atatu mu Januwale 2013, ndipo imakwera ndi kutsika motsatira mkuwa ndi ngongole za dziko. Ya ku Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tiyerekeze kuti munapereka katundu pangongole kwa mwini sitolo wa ku Mchinji sabata imodzi kwacha yawo isanagwetsedwe, mutagwirizana mtengo m'ndalama yawo. Iye akubwezerani ndendende zimene munapangana, sanakubereni kanthu, koma inu mwaluza gawo lalikulu la ndalama zanu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. N'chifukwa chake malonda a m'malire amakhala a pompopompo, ndipo malonda a pompopompo sakula.

Pamwamba pa izo, ku Malawi madola akhala akusowa m'mabanki kwa zaka zingapo, moti pamakhala mitengo iwiri, wa ku banki ndi wa pamsewu, yotalikirana kwambiri. Kampani ya kuno ikagulitsa simenti kapena sopo kumeneko imafuna kulipidwa m'madola, ndipo wogulayo amadikira pamzere ku banki. Wamalonda wamng'ono amangopita kwa anyamata osintha ndalama pa boda, amene amayenda ndi mipukutu ya makwacha m'manja ndi kakyuleta pafoni, ndipo mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Kusiyana kumeneku kumatembenuzanso mtsinje wa katundu. Zinthu zimene mtengo wake uko ukutsatira mtengo wa ku banki zimaoneka zotchipa kwa munthu amene wasintha ndalama pamsewu, ndiye zimayamba kutuluka mozemba, eni ake n'kumazisowa m'masitolo. Shuga ndiye amaseketsa. Wa ku Nakambala ku Mazabuka ndi wa ku Nchalo ndi Dwangwa onse ndi a banja limodzi la Illovo, koma amazembetsedwa uku ndi uku malinga ndi kumene kwacha yafooka.

Mu Okutobala 2025 COMESA inayamba kuyesa njira yolipirana pafoni m'ndalama za maiko eni ake, osadzera ku dola, ndipo inasankha Malawi ndi Zambia kuti ndiwo ayambe. Ngati ifika m'manja mwa amayi a pamsika, idzachotsa mantha oyenda ndi ndalama m'chitenje. Koma pali chinthu chimene foni singakonze. Zambia imagulitsa ku Malawi zambiri kuposa zimene imagulako. Kuti mnzathu wa ku Lilongwe apeze kwacha yathu yolipirira simenti, pafunika wina kuno agule mpunga wake, tiyi wake, matabwa ake a ku Chikangawa. Ife timakonda kukamba za kugulitsa kokha, ngati kugula kwa mnansi n'kugonja.

Njanji yogona

Njanji ya pakati pa Mchinji ndi Chipata ndi ya makilomita 27 okha, koma inayambidwa mu 1982 n'kudzatsegulidwa mu Ogasiti 2010, nthawi ya a Rupiah Banda. Mwana wobadwa chaka chimene ntchito inayamba anali ndi ana ake sitima yoyamba isanafike. Cholinga chinali kulumikiza Chipata ndi doko la Nacala ku Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,150, umene ndi waufupi kwambiri kwa ife poyerekeza ndi Dar es Salaam kapena Durban. Kwa mlimi zikanatanthauza feteleza wotsikirako mtengo, pakuti gawo lalikulu la mtengo wa thumba ndi ulendo wake.

Sitima zakhala zikubwera mwa apo ndi apo. Njanji ya mkati mwa Malawi, kuchokera ku Mchinji kudzera ku Lilongwe ndi Salima mpaka pa Nkaya, ndi yakale ndipo madzi osefukira akhala akuidula. Gawo limene linakonzedwa mwamphamvu ndi lonyamula malasha a ku Moatize, ndipo limeneli limadutsa kum'mwera, kutali ndi ife. Kuno njanjiyo imathera pa Chipata pomwepa. Siilumikizana ndi njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, ngakhale za njanji yopita ku Serenje kudzera ku Petauke zakhala zikukambidwa zaka zambiri. Mwini katundu wa ku Copperbelt amene wakweza kale thiraki saona chifukwa chotsitsira pa Chipata n'kudikira mabogi. Atsogoleri a Zambia, Malawi ndi Mozambique anasainiranso mapangano a njira ya Nacala mu Okutobala 2023. Tiona ndi utsi wa sitima.

Zimene zimayenda mwakachetechete

Sikuti zonse n'zolephera, kungoti zoyenda bwino sizichita phokoso. Kwa zaka zambiri magetsi a ku Lundazi ankachokera ku ESCOM ya ku Malawi, chifukwa mawaya awo anali pafupi kuposa athu, ndipo palibe amene anaona ngati n'chamanyazi. Mbewu ya nshawa imene kuno timaitcha MGV4, dzina lochokera ku malo a kafukufuku a Msekera, ndi yomweyo imene ku Malawi amati CG7. Akatswiri a ku Msekera kuno ndi a ku Chitedze ku Malawi anagawana mbewu popanda mwambo wodula riboni, ndipo alimi a mbali zonse adyapo.

Pa nshawa pomwepo pali ntchito yooneka yaing'ono imene ingatsegule msika waukulu. Nshawa zikaumitsidwa pansi kapena kunyowetsedwa kuti zisavute kuswa, zimachita chuku chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo ogula akuluakulu sazilandira popanda kuyeza. Mabungwe oona za miyezo a maiko awiriwa atamakhulupirirana zotsatira, katundu woyezedwa kuno sakanayezedwanso uko, ndipo alimi a Chipata ndi Mchinji akanatha kuphatikiza zokolola n'kudzaza oda imene mbali imodzi payokha singakwanitse. Misonkhano ya nduna ndi zionetsero za malonda m'mahotela zili ndi malo ake, koma ine ndimaona kuti labotale imodzi yodalirika pafupi ndi boda ikanaposa misonkhano khumi.

Ndipo Chipata isamangokhala podutsira. Simenti, sopo ndi mabisiketi zimene zimaoloka pa Mwami zimapangidwa ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ife timangoona fumbi la mathiraki ndi kugulitsa nsima kwa madalaivala. Zimene tingapange tokha ndi zochokera m'minda yathu: mafuta a soya ndi mpendadzuwa, zakudya za nkhuku, chiponde. A COMACO, kampani yogula zokolola kwa alimi ang'onoang'ono, aonetsa kale kuti chiponde chopangidwa mu Chipata chingathe kukhala pa shelefu ya sitolo yaikulu.

Koma pamenepanso mpopi uja ulipo. Mu Malichi 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa m'dzikolo katundu wosiyanasiyana, pofuna kuteteza opanga a kwawo ndi kusunga madola ochepa amene linali nawo. Pa mndandandawo panali ufa, mpunga, mazira, mbatatesi, anyezi, uchi, ndipo panalinso chiponde. Dziko la Tanzania linakwiya mpaka kubwezera, kenako anakambirana. Kuno phokoso silinamveke kwambiri, chifukwa opanga athu ndi ang'onoang'ono ndipo alibe wowalankhulira. Kwa munthu amene anagula makina okazingira ndi kupera nshawa akuwerengera masitolo a ku Lilongwe, chilengezo chimenecho chinatanthauza kukweza mabotolo ake n'kukhotetsa galimoto cha kumadzulo, kudzera pa Katete, Petauke ndi Nyimba, makilomita 550 aja.